Kodi chimateteza kochi wa basketball ya m'makoleji a ku America n'chiyani?

Dengu68:
Akuluakulu ndithandizeni. Malichi akangofika, makochi a NCAA (bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji) amayoyoka ngati masamba m'chilimwe. Ben Howland anafikitsa yunivesite ya UCLA mu Final Four (matimu anayi omaliza pa chikho cha dziko lonse) zaka zitatu zotsatizana, 2006 mpaka 2008, koma mu 2013 anamuchotsa ntchito timu itangotsogola kumene pa ligi ya Pac-12. Pomwe ena amaluza chaka ndi chaka koma ali pompo. Amayang'ana chiyani kwenikweni?

Mlonda_wa_Bwalo:
Achimwene, yambani mwaona kontirakiti, zigoli zibwere pambuyo. Yunivesite ikachotsa kochi chifukwa choluza basi, imamulipira buyout, ndalama ya zaka zomwe zatsala pa kontirakitiyo, yonse kapena gawo lomwe anagwirizana. Ikamuchotsa chifukwa chophwanya malamulo a NCAA kapena khalidwe loipa, silipira kanthu. Milandu imabadwira pamenepa. Yunivesite ya Connecticut (UConn) inachotsa Kevin Ollie mu 2018, munthu amene anawapatsa chikho mu 2014, ponena kuti anaphwanya malamulo. Mu 2022 woweruza nkhaniyo anagamula kuti amulipire madola oposa 11 miliyoni. Rick Pitino zake zinayenda mwina: Louisville inamuchotsa mu 2017, anakasuma, koma pogwirizana mu 2019 sanatengepo ndalama.

Makontirakiti ambiri alinso ndi ndime yoti wochotsedwayo akapeza ntchito kwina, malipiro atsopanowo achotsedwe pa buyout. Ndimeyi ikakhalapo, kumuchotsa kumatchipa. Ndipo ndalama ya buyout kawirikawiri amasonkha ndi anthu achuma othandiza timu, choncho iwowa akatopa nawe, mkulu wa zamasewera sangakutchinjirize nthawi yaitali.

NambalaZisanu:
Zoona akulu, koma chipsinjocho chimayambira pa March Madness, mpikisano wa chikho cha NCAA womwe umayamba mu Malichi. Matimu a Division I, gawo lapamwamba la NCAA, alipo oposa 350, malo mumpikisanowu ndi ochepa zedi, ndipo masewero alionse omwe timu yasewera mmenemo amabweretsera ligi yake ndalama. Komiti yosankha imagwiritsa ntchito NET, ndondomeko yosanja matimu motengera mphamvu zawo, yomwe inayamba sizoni ya 2018-19. Chipambano cholemera ndi cha Quad 1: kugonjetsa timu yomwe pa NET ili pakati pa nambala 1 ndi 30 pakwanu, 1 mpaka 50 pabwalo losakhala la aliyense, kapena 1 mpaka 75 koyenda. Kochi amene wadzaza ndandanda yake ndi timatimu tofooka angathe kupambana masewero 20 n'kusiyidwabe kunja.

Kumatimu akuluakulu kungolowa sikukwanira. Kentucky inatuluka m'ndime yoyamba itagonja kwa Saint Peter's mu 2022, kenaka kwa Oakland mu 2024. Buyout ya kochi wake John Calipari inali yoposa madola 30 miliyoni, ndiye sanamuchotse. Anachoka yekha kupita ku Arkansas, Kentucky osalipira ndalamayo.

Dengu68:
Nanga watsopano amamupatsa zaka zingati?

Mlonda_wa_Bwalo:
Kale zinali zinayi kapena zisanu, kuti osewera omwe wabweretsa yekha akhwime. Mike Krzyzewski anapambana 38 n'kuluza 47 m'zaka zake zitatu zoyamba ku Duke, koma mkulu wa zamasewera Tom Butters anamusunga. Lero zimenezo n'zovuta. Transfer portal, kaundula wa osewera ofuna kusamukira ku sukulu ina, inayamba mu 2018, ndipo kuyambira 2021 wosewera amatha kusamuka n'kusewera pomwepo osadikira chaka, komanso kulandira ndalama za NIL, zomwe amapeza pogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chake potsatsa malonda. Timu yonse ingathe kumangidwanso miyezi iwiri, ndiye mawu oti "tikumanga" sakumvekanso. Kenny Payne anapambana 12 n'kuluza 52 ku Louisville, sizoni yachiwiri itangotha mu 2024 anamuchotsa.

Chimandiwawa n'chakuti kochi amaweruzidwa potengera osewera omwe thumba la sukulu lakwanitsa kugula, thumba loti si iye amalidzaza. Tony Bennett, amene anatenga chikho ndi Virginia mu 2019, anatula pansi udindo mu Okutobala 2024 sizoni isanayambe n'komwe, ndipo Jim Larrañaga naye anatula pansi udindo ku Miami mu Disembala chaka chomwecho. Onsewa anatchula mmene masewerowa asinthira.