Zija za ma link osatseguka pa Safari, ndapeza pomwe panali vuto

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake ma link a pa webusaiti yomwe ndimayang'anira amatseguka bwinobwino pa Chrome ya pa kompyuta koma pa Safari ya iPhone ndi pa Opera Mini ukadina palibe chimachitika. Zikomo nonse munati ndisuzumire kaye code yake, munalondola.

Nditatsegula ndapeza kuti ma link aja sanali ma link enieni ayi, amene anapanga poyamba anaika span (kachidutswa wamba ka mawu mu code ya tsamba) yokhala ndi onclick (lamulo lomwe limagwira ntchito ukadina), ndiye ukadina imayamba yafunsa kaye ku seva kenako n'kuitana window.open (lamulo lotsegula windo yatsopano), pomwepo Safari imangoiona ngati popup n'kuitsekereza chifukwa papita kanthawi chidinireni. Opera Mini nayo JavaScript, code yomwe imayendetsa malamulo amenewa, imayendetsera ku ma seva ake osati pafoni, nde zoterezi zimangofera m'njira. Ndachotsa ma span onse n'kuika a href wamba (njira yeniyeni yolembera link), pano ikutseguka ponseponse, ngakhale batani la Tab likufika pa link iliyonse, zomwe zandisangalatsa kwambiri poganizira anzathu osaona omwe amadalira screen reader (pulogalamu yowawerengera mokweza zomwe zili pa sikirini).

Kunalinso ma link akale oyamba ndi file:/// (oloza ku mafayilo a mu kompyuta osati a pa intaneti) a nthawi ya Internet Explorer, yomwe Microsoft inasiya kuithandiza mu June 2022. Chrome ndi Firefox salola zimenezo kuchokera patsamba la pa intaneti, ndakweza mafayilo ake pa seva basi.

PDF imodzi yandivutitsa mpaka usiku, dzina lake linali ndi chizindikiro cha #, browser imadula link pomwepo n'kubweretsa 404 (uthenga woti fayilo sinapezeke). Ndikanalemba %23 m'malo mwa # mu link, koma ndangosintha dzina.