Thandizeni, pulogalamu ya ORCA ikukanika kumaliza sucrose

Moni nonse a m'gulu lino. Ndili ku Nchalo, ndikuphunzira theoretical chemistry, ija yofufuza mamolekyu pa kompyuta. Imodzi mwa njira zake ndi DFT (density functional theory, yowerengera energy ya molekyu potengera momwe ma electron afalikira), imene inapezetsa Walter Kohn mphoto ya Nobel mu 1998 limodzi ndi John Pople.

Vuto ndi ili: ndikufuna kupeza kaimidwe kokhazikika ka sucrose, shuga wa mu nzimbe, wa maatomu 45. Ndikugwiritsa ntchito ORCA 5, pulogalamu yowerengera za mamolekyu, ndi B3LYP/def2-TZVP (B3LYP ndi mtundu wa DFT, def2-TZVP ndi basis, gulu la masamu oimira ma electron), pa laputopu ya RAM 8 GB ndi ma core 4. Imayenda maola angapo, fani ikulira, kenako laputopu n'kuzima yokha ndi kutentha kwa masana kuno kuchigwa.

Ndayesa kutsitsa basis kufika def2-SVP, kuika %maxcore 1500 (ma MB a RAM pa core iliyonse), kuyendetsa usiku, ndi kuyambiranso pa fayilo ya .xyz yomaliza, yosunga malo a maatomu. Kuzima kwatha, koma energy ikungokwera n'kutsika, magulu 8 a OH (oxygen ndi hydrogen) a mu sucrose akungotembenuka osakhazikika.

Kodi ndiyambe ndi GFN2-xTB, njira yachangu yongoyerekeza, kenako DFT? Nanga D3BJ, yoonjezera kukokana kofooka kwa maatomu, ndiyofunika pamenepa? Inu ogwira ntchitoyi, chonde ndiuzeni mzere woti ndisinthe mu fayilo ya input.