Kodi phula limene anadya Safunsa ndi liti?

Wofunsa

Akuluakulu, ndithandizeni pa mwambi uja wakuti "Safunsa anadya phula". Phula lake ndi liti, la njuchi kapena lakuda lothira pamsewu lija? Ndipo likakhala la njuchi, vuto lake n'chiyani? Anthu amatafuna chisa cha uchi ndi phula lake lomwe, m'mawa n'kudzuka bwinobwino. Nanga Safunsayo analakwa pati?

Nkhaniyi yatigawa pakhomo. Pabanja pathu wamabuku ndine. Ndimawerenga ana akagona, ndimawerenga ndikaima pamzere, ndipo mukapeza chikwama chopanda buku dziwani kuti si changa. Madzulo ndimawerengera ana mokweza. Wamng'ono amangofuna nkhani iziyenda, tulo tikamupeza pakati zilibe kanthu. Wamkulu, mtsikana wa zaka 11, ndiye salola liwu lachilendo kudutsa. Tsiku lina nditatopa ndinamuuza kuti tikamaimaima chonchi bukuli tidzalimaliza iye ali ndi ana ake. Bambo ake anamuikira kumbuyo, amvekere, "Musiyeni mwana, safunsa anadya phula." Mtsikana uja osachedwa: "Phula lake liti, ababa?" Iwo anati la pamsewu. Apongozi anga, amene tikukhala nawo masiku ano, anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti mwana wawoyo anakula osafunsa. Koma kuti afotokoze bwino, anangoti "la njuchi" n'kulowa kokagona.

Zangochitika kuti masiku ano ndikuwerenga buku lonena za njuchi, ndipo m'malo mondithandiza landiwonjezera chisokonezo. Ine ndinkayesa kuti phula amakalitola m'maluwa ngati mungu. Ayi ndithu, limatuluka m'thupi mwa njuchi. Kunsi kwa mimba ya njuchi yantchito kuli timagwero 8, tinayi mbali iyi tinayi mbali inayo, ndipo timagweroti timagwira ntchito kwambiri njuchiyo ikakhala ndi masabata awiri kapena kuposerapo pang'ono. Limatuluka ngati timamba toyera tating'onoting'ono, njuchi n'kulitafuna mpaka lifewe, kenako n'kumangira tizipinda ta mbali 6 tija. Kuti zitulutse phula lochepa zimayamba zadya uchi wambiri. Ndiye kwa eni akewo phula ndi chuma. Bwanji mwambi ukulinyoza?

Mlimi wa njuchi

Mayi, agogowo akunena zoona, ndi la njuchi. Koma chimene mukuganiza inu ndi chisa chodzaza, chija ukaluma uchi umatsikira kuchigongono. Mwambiwu sukunena chimenecho.

Tikafula uchi timafinya zisa, uchi n'kupita m'ndowa. Zotsalazo timazisungunula, kuzisefa pansalu, n'kuzisiya zizizire. M'mawa mumapeza chibulumwa cholimba, chachikasu, chosalala bwino, ndipo fungo lake ndi la uchi weniweni. Munthu wosadziwa akachipeza pambale mkati mwa nyumba, mphuno imamuuza kuti apa ndiye pali zonona. Akabenthula n'kuponya mkamwa amatafuna, natafuna, kukoma osabwera. Phula limasungunuka kutentha kukafika madigiri 62 mpaka 64, pamene thupi la munthu lili pa 37. Ndiye mkamwa silisungunuka, limangonyenyeka n'kukakamira m'mano ndi kunkhama. Akalimeza, m'mimba namonso siligayika, limangodutsa. Safa, koma sakhutanso. Ndipo uchiwo unali pomwepo m'ndowa, kuseri kwa chitseko, akanangofunsa.

Kunena kuti ndi lachabe ayi. Timapangira makandulo, polishi, mafuta odzola. Kungoti si chakudya.

Aphunzitsi opuma

Achimwene a njuchiwa afika pamene pali nkhani. Ndiwonjezereko ziwiri.

Choyamba, bambo a kunyumba kwanu sanalakwe kotheratu, chifukwa liwuli lanyamula zinthu ziwirizo kwa nthawi yaitali. M'Baibulo la Chichewa, pa Genesis 6:14, chimene Nowa anamatira chingalawa chimatchedwa phula, ndipo pamenepo sakunena za njuchi. Akunena lakuda lija, loletsa madzi kulowa. Chinthu chilichonse chomata, cholimba chikazizira n'kufewa chikatenthedwa, chinalowa m'dzina lomweli. Palinso liwu lakuti sera, lochokera ku Chipwitikizi, limene limanena la njuchi lokha. Koma mwambi unabadwa pakati pa anthu odziwa ming'oma ndi mphako za mitengo, misewu yakuda isanabwere. Komanso ganizani: ndani angadye phula la pamsewu chifukwa chongosowa kufunsa? Fungo lokhalo limakubweza. Kuti mwambi ugwire ntchito pamafunika chinthu chonyenga, chooneka ngati chenicheni.

Chachiwiri, taonani kuti Safunsa ndi dzina. Makolo ankatenga khalidwe n'kulisandutsa munthu, kuti pokudzudzula asakuloze chala. Sakuti "iwe sufunsa", akuti kunali wina, dzina lake Safunsa. Wamva wamva. Ndipo chilango chake n'chopepuka mukachiyerekeza ndi cha uja anamva nkhwangwa ili m'mutu. Wosamva anauzidwa n'kukana, n'chifukwa chake mathero ake ndi magazi. Safunsa sanakane malangizo a munthu, anangokhala chete, mwina chifukwa cha manyazi, mwina chifukwa chodziyesa wodziwa. Mwambi wake suopseza, umaseka. Ndimaona ngati ankaunena akumwetulira.

Mnyamata wa zomangamanga

Ine ndiima ndi abambo. Ana a masiku ano ambiri sanaonepo phula la njuchi, koma la pamsewu amaliponda tsiku ndi tsiku. Mwambi ukafuna kuyamba wafotokozedwa ndime zitatu ndiye kuti wakalamba. Mukamuuza mwana kuti wosafunsa anadya chakuda chotentha chija, amanyansidwa pomwepo ndipo phunziro lalowa. Zilinso ndi mbiri yake: ndi zotsalira akayenga mafuta a pansi, ndipo kwina limatumphuka lokha, monga ku Pitch Lake ku Trinidad. Anthu a ku Mesopotamia ankamatira mabwato zaka masauzande zapitazo. Si lachilendo ayi.

Komanso kunena zoona, lero ndani amadya phula? Foni ili m'thumba. Liwu likakuvuta umalemba, yankho n'kubwera.

Aphunzitsi opuma

Mwana wanga, ukasintha phulalo wasinthanso phunziro. La pamsewu likuti usadye zonyansa, zomwe ngakhale khanda limadziwa. La njuchi likuti chinthu chikhoza kununkhira bwino, kuoneka bwino, kukhala pambale yoyera, koma osakhala chimene ukufuna. Ndipo foni yakoyo ndi imene imagawa phula lotere mochuluka. Yankho limabwera losalala, lolembedwa molimba mtima, iwe n'kumeza.

Wofunsa

Zikomo nonse. Za ndowa ili kuseri kwa chitseko zija ndawawerengera apongozi, ndipo akuti ndi zimenezo, kungoti iwo analibe mphamvu zolimbana ndi mwana wawo usiku.

Aphunzitsi, mwandikhudza pamene pamandivuta monga wowerenga. Kupatula la njuchi lija, ndilinso pakati pa nthano yaitali ya banja lina la amalinyero, kuyambira agogo mpaka zidzukulu. Muli mayina a zingwe, a matanga, a mbali za chombo, amene sindinawamvepo chibadwire. Ndikamawerenga ndekha usiku ndimangowalumpha. Maso amadutsa, nkhani ikupita, ndipo ndimatseka buku ndikumva ngati ndamva zonse. Koma ndikawerengera mtsikana uja mutu womwewo, n'kundiimitsa kuti "chimenecho n'chiyani", timapeza kuti chingwe chimene chinadukacho ndi chimene chinagwira chinthu chonse, ndipo mantha a anthu a m'chombomo anali pamenepo. Ine ndinadutsapo ndili phee.

Komabe sindikuvomereza kuti munthu aziima pa liwu lililonse. Owerenga kwambiri amadziwa kuti mawu ambiri amadzimasulira okha ukakumana nawo kachiwiri ndi kachitatu. Mwana amene amakakamizidwa kutsegula dikishonale pa mzere uliwonse amadana ndi mabuku, ndaziona kwa ana a anzanga. Luso lili pozindikira liwu limene lanyamula nkhani ndi limene langokongoletsa. Tinapangana ndi mtsikanayo kuti azigwira pensulo, liwu likamuvuta aziika kadontho m'mbali, tikamaliza mutu tizibwerera. Timapeza kuti madontho ena adzifufuta okha, nkhani yawayankha. Otsalawo ndiwo timafunsa. Wamng'ono uja wapindula nazo, chifukwa tsopano nkhani imafika kumapeto iye asanagone, ndipo wayamba kulimbirana pensuloyo ngakhale sadziwa kulemba.

Achimwene a njuchi, m'buku la njuchi lija mulinso mbalame imene imadyadi phula n'kuligaya, ija imatsogolera anthu ku njuchi. Mu 1588 wansembe wa Chipwitikizi, João dos Santos, anaiona ikulowa m'tchalitchi chake ku Sofala, ku Mozambique, n'kumajompha makandulo. Ndipo mu 2016 wofufuza za mbalame Claire Spottiswoode ndi anzake anafalitsa zimene anapeza ku Niassa, ku Mozambique: ofula uchi a Chiyao akaitana mbalameyi ndi kulira kwawo kwapadera, mwayi wopeza njuchi unkakwera kuchoka pa 17 kufika pa 54 pa 100 alionse. Munthu amatenga uchi, mbalame n'kutsala ndi phula, aliyense n'kukhutira. Nditawerengera ana ndime imeneyi, mtsikana uja anati ndiye kuti mbalameyo ndi Safunsa. Ndinamuuza kuti ayi, iyo ikudziwa chimene ikudya.

Agogo ena

Ana anga, nonse mukumuweruza Safunsa, koma ine ndifunse: pamene ankatafuna phulalo, eni nyumba anali kuti? Analipo. Ankamuyang'ana, ena akubisa kuseka. Mwambiwu timakonda kuuponyera ana, koma ndife tomwe timawatseka pakamwa. Mwana akafunsa kawiri timati wasowa ulemu, akafunsa pali alendo timamutong'olera maso. Akakula n'kukhala munthu woopa kufunsa njira, woopa kufunsa dokotala kuti mankhwalawa ndi a chiyani, wosayina pepala asanalimve, timadabwa kuti anatengera ndani.

Ine ndinaphunzira kuwerenga ndili wamkulu kale, ndipo chimene chinkandichedwetsa si zilembo. Anali manyazi ofunsa munthu wamng'ono kwa ine. Mdzukulu wanga ndiye ankandikonza, ndipo poyamba zinkandiwawa. Mayi, mwana wanuyo musamutope. Za pensulozo ndi nzeru, koma madonthowo muzibwereradi, musamangolonjeza. Mwana akaona kuti mafunso ake amathera m'mbali mwa buku, amasiya kuwalemba.

Mnyamata wa zomangamanga

Agogo, apo ndagonja. Kuntchito timaziona: wophunzira ntchito amaopa kufunsa kapitawo muyeso, amangoganizira, khoma n'kupendama, mawa tonse n'kugwetsa. Koma kapitawo amene amakalipa akafunsidwa ndi yemweyo amadzakalipanso khoma likapendama.

Wofunsa

Agogo, ndamva, ndipo madonthowo tibwerera usiku uno tisanayambe mutu wina. Bambo a ana aiwerenga nkhani yonseyi. Akuti avomera za njuchi, koma akufuna zilembedwe kuti Nowa ali mbali yawo. Mtsikana uja tsopano akufuna kuliona phulalo ndi maso, akuti sangakhulupirire kuti chinthu chonunkhira uchi chingakhale chosakoma. Achimwene, pali njira yomuonetsera mwana popanda kuyandikira mng'oma? Wamng'onoyu amatupa kwambiri akalumidwa ndi tizilombo.

Mlimi wa njuchi

Ilipo, Mayi, ndipo ku mng'oma asapite. Pezani kachidutswa ka chisa kwa aliyense woweta njuchi, kakhale koyera kapena kachikasu. Chakuda chija ndi chakale, munakulira ana a njuchi, chimatulutsa phula lochepa ndi zinyalala zambiri. Finyani uchi pansalu yoyera. Zotsalazo ikani m'chitini chimene simuchifunanso, thiranimo madzi, muike chitinicho mumphika wa madzi otentha. Musachiike pamoto mwachindunji, phula likatenthedwa kwambiri limayaka, ndipo mukazimitsa ndi madzi moto umamwazika. Likasungunuka phulani, musiye usiku wonse osaligwedeza. Popeza ndi lopepuka kuposa madzi, limayandama n'kuuma pamwamba ngati kambale, zinyalala n'kutsalira kunsi kwake, mumangozipala ndi mpeni. Mtsikanayo alinunkhize kaye, kenako abenthule kochepa ngati njere ya mpunga atafune, n'kulavula. Wamng'onoyo angoonerera. Chitini ndi nsaluyo musayembekeze kuti zidzayeranso, ndipo madzi otsalawo mukatayire panja, osati musinki, chifukwa phula likaumira m'paipi limatseka.