Za Honda Fit Yanga Yonjenjemera Ija

Mwezi watha ndinafunsa chimene chimachititsa kuti Honda Fit yanga ya 2005 izinjenjemera ponyamuka, makamaka pachitunda. Ena munati giyabokosi yatha. Ayi ndithu, vuto linali oyilo wa m'giyabokosimo. Makaniki wina anathiramo ATF wamba (oyilo wa magiyabokosi a otomatiki), pomwe giyabokosi ya galimoto imeneyi ndi CVT (mtundu wa otomatiki wopanda magiya owerengeka) ndipo imafuna oyilo wakewake wa Honda wotchedwa HMMF.

Titakhetsa, oyiloyo anatuluka wakuda bii, akununkha ngati wapserera, ndipo pamaginito a pulagi yokhetsera oyilo panamatirira tizitsulo tosalala ngati phala. Tathira watsopano kawiri, chifukwa kukhetsa kamodzi wakale sachoka yense. Kunjenjemera kwachepa kwambiri, ngakhale m'mawa injini isanatenthe kumamvekabe pang'ono. Mtima wakhala pansi tsopano, poti ndinali nditayamba kale kufunsa mitengo ya giyabokosi ku Ndirande.