Kodi n'koyenera kuika fyuluta ya oilo pa injini ya Continental O-300?

Wa ku Marlborough walemba:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa injini za ndege zing'onozing'ono. Ine ndi anzanga tinasonkherana n'kugula Cessna 172 ya m'zaka za m'ma 1960, imene imagona pa bwalo la Charles Prince kuno ku Harare. Injini yake ndi Continental O-300, ya masilinda 6, ndipo ilibe fyuluta ya oilo, koma kasefa ka waya kamene amakatsuka tikamasintha oilo pa maola 25 alionse. Mnzanga wina akuumirira kuti tigule adaputa yoti tizimangirapo fyuluta, ponena kuti tikatero tizisintha oilo pa maola 50 ndipo ndalama ya adaputayo idzabwerera yokha. Winayo akukana, akuti injini imene yakhala ikuuluka zaka zonsezi ndi kasefa siyenera kusokonezedwa. Ife sitiuluka kwambiri, nthawi zambiri timangopita ku Kariba kapena ku Mutare, ndipo mwa apo ndi apo kumudzi kudzera pa Chileka. Kodi phindu lake ndi lenileni, ndipo ngozi yake ili pati?

Injiniya wa m'hangala wayankha:

Bambo, ndiyambe ndi nkhani ya ndalama chifukwa ndi imene imanamiza ambiri. N'zoona kuti injini ya kasefa imasinthidwa oilo pa maola 25 ndipo ya fyuluta pa maola 50, koma opanga injini anaikanso malire a miyezi. A Lycoming amati oilo asapitirire miyezi 4 ngakhale ndege isanakwanitse maola akewo, ndipo a Continental nawonso ali ndi malire a miyezi m'buku lawo losamalira injini. Tiyerekeze kuti mumauluka maola 100 pa chaka. Ndi kasefa musintha oilo kanayi, ndipo ndi fyuluta, mukatsata miyezi 4, musintha katatu, kenako muonjezepo mtengo wa fyuluta yatsopano ulendo uliwonse, imene muiitanitse ku Johannesburg n'kulipira m'madola. Kwa anthu ouluka pang'ono ngati inu, adaputa sidzabweza ndalama yake kudzera mu oilo, ndipo mnzanuyo mumuuze zimenezi mosabisa.

Chimene chimachititsa malire a miyeziwo n'chakuti fyuluta imagwira zinyenyeswa zokha. Madzi amene amasonkhana m'injini ikazizira, asidi wochokera m'kuyaka kwa mafuta, ndi mtovu wa m'mafuta a ndege otchedwa 100LL, zonsezi zimadutsa m'pepala la fyuluta n'kupitiriza kuzungulira. Ndege imene imakhala pansi nthawi yaitali imadyedwa ndi dzimbiri m'masilinda ndi pa camshaft, chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavalavu, ndipo mankhwala a vuto limenelo ndi kuiulutsa kawirikawiri mpaka oilo atatentha bwino, komanso kumutaya pa nthawi yake.

Ngakhale zili choncho, ine ndimalimbikitsa kuika fyuluta, pa chifukwa china. Kasefa kamagwira zidutswa zikuluzikulu, zija timaseka m'hangala kuti mwina uwerengapo nambala ya chitsulo chimene chathyoka, pamene tinyenyeswa tating'ono timadutsa n'kukapala mabering'i. Fyuluta imagwira tinyenyeswato n'kutisunga kuti tidzatione. Tikaichotsa timaidula ndi chida chake chodulira, osati sowo, chifukwa sowo imasiya utuchi wake wachitsulo n'kukusokonezani. Kenako timadula pepala lopindapinda lija, kulifinya kuti oilo achoke, n'kulitambasula pa tebulo pamalo owala. Timadutsitsapo maginito. Zimene zakakamira ku maginito ndi chitsulo, ndipo kawirikawiri chimachokera ku camshaft, ku ma lifter (tizitsulo timene camshaft imakankha) kapena m'masilinda. Zonyezimira zoyera zosagwidwa ndi maginito kawirikawiri ndi aluminiyamu, zofiirira ndi mkuwa wa ma bushing, ndipo zakuda zimene zimafumbutuka mukazitikita ndi zala ndi kaboni chabe. Pa injini yokalamba ngati yanu, kudziwa msanga kuti china chayamba kudyeka kumasiyanitsa pakati pa kukonza silinda imodzi ndi kutsitsa injini yonse.

Mphunzitsi wa zouluka wayankha:

Ndikugwirizana ndi a Injiniya, koma ndionjezepo za fumbi, poti kuyambira August mpaka mvula itagwa mabwalo ambiri a kuno amakhala fumbi lokhalokha, makamaka a m'mapulazi ndi a m'chigwa cha Zambezi. Fumbi limalowa kudzera mu mpweya, choncho choyamba kuyang'ana ndi fyuluta ya mpweya ndi bokosi la carb heat (lolowetsa mpweya wotentha mu kabureta), limene likatha limalowetsa mpweya wosasefa. Komabe lina limafika ndithu mu oilo, ndipo kasefa ka waya sikangaligwire.

Achimwene, musanaitanitse chilichonse chotsani zophimba injini ndipo muyeze malo. Adaputa zilipo za mitundu iwiri. Ina imalowa pamene panali kasefa kumbuyo kwa injini ndipo fyuluta imamangidwa pomwepo, pamene ina, monga ya Airwolf, imaika fyuluta pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, oilo n'kumayenda m'mapaipi awiri. Yoyambayo ndi yopepuka ndiponso yosavuta, koma kumbuyo kwa O-300 n'kothina, ndipo fyuluta ikayandikira kwambiri zitsulo zogwirizira injini idzakhula, chifukwa injini imagwedezeka poilizitsa ndi poizimitsa. Yachiwiriyo imakupatsani ufulu woika fyuluta pamene dzanja lifika bwino ndi pamene oilo satayikira paliponse poimasula, koma mapaipi aja amakalamba ndipo ali ndi nthawi yake yowasintha. Musayembekezere kuti fyuluta ithetsa vuto la kutentha kwa oilo. Kuno tili pamwamba, pafupifupi mamita 1,500, ndipo ndege yodzaza ikamakwera masana a October kapena ikamanyamuka ku Kariba, muvi wa kutentha udzakwerabe monga kale.

Mkulu wa ku Mufakose wayankha:

Ana anga, ine ndinapuma ntchito ya umakaniko wa ndege, ndipo ndili kumbali ya mnzanu wokanayo, ngakhale si kotheratu. Kasefa kamamangidwa kamodzi, ndi gasiketi imodzi, ndi waya wake, basi. Mukaika adaputa mwaonjeza malo olumikizira, ndipo malo alionse olumikizira ndi khomo limene oilo angatulukire. O-300 imanyamula oilo wokwana ma quart 8 okha, pafupifupi malita 7 ndi theka, ndipo pampu ikamakankha, oilo ameneyo amatha m'mphindi zochepa gasiketi ikaphulika. Galimoto ikatero umaima m'mbali mwa msewu, koma pakati pa Harare ndi Tete palibe poimika.

Ndinaonapo adaputa imene inkaoneka yomangidwa bwino, waya wake ali m'malo, koma utaigwira ndi dzanja inkatembenuka pang'ono. Chinachitika n'chakuti wina pomasula fyuluta yolimba anakoka ndi mphamvu osagwiriza adaputayo, ndipo inasuntha n'kuvulaza gasiketi. Mwini ndege ankangodandaula kuti pamimba pa ndege pamachita mafuta. Anthu amene amasamala kasefa kawo, kukatsuka m'mbale yoyera n'kusefa madzi otsukirawo pa kansalu kuti aone zotsalira, afikitsa injini zimenezi pa maola 1,800 amene wopanga anaika kuti injini ikonzedwe yonse, popanda fyuluta.

Injiniya wa m'hangala wayankhanso:

Zimene anena a Mkulu si nthano, ndipo nzolembedwa. Mu 1996 bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, linatulutsa lamulo lokakamiza kuyendera ma adaputa a Cessna omangidwa pa injini za Continental, chifukwa nati yake inkamasuka. Mu 2022 linatulutsanso lina lokhudza ma adaputa a F&M ndi Stratus, pambuyo pa ngozi za ndege zimene zinataya oilo zili m'mwamba, ndipo linalamula kuti gasiketi ya fiber ichotsedwe n'kuikapo ya mkuwa. O-300 ili m'gulu la injini zotchulidwa m'lamulo limenelo. Ndiye ngati wina akugulitsani adaputa yogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wotsika, yopanda mapepala ake, ikaneni.

Kumene ndikusiyana ndi a Mkulu n'kwakuti mavuto amenewa ali ndi njira yowapewera yodziwika. Adaputa ibwere ndi STC, chikalata chovomereza kusintha chinthu pa ndege, yotchula injini yanu ndi ndege yanu, ndipo STC ya ku America payokha sikwanira pa ndege yolembetsedwa kuno, chifukwa kusintha kotere kumayenera kuvomerezedwa ndi a CAAZ, bungwe loyang'anira za ndege ku Zimbabwe, kudzera ku kampani yovomerezeka imene imasamala ndegeyo, kulembedwa m'mabuku a ndege ndi a injini, ndiponso kuwerengedwa pa kulemera kwa ndege. Pomanga agwiritse ntchito torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, ndi nambala ya m'malangizo a wopanga, osati kuyeza ndi mkono. Gasiketi ya mkuwa imaphwanyika pomanga, choncho siibwezeredwa kachiwiri. Akamaliza ajambule kamzere ka penti kodutsa pa adaputa ndi pa injini, kuti tsiku lililonse zophimba zikachotsedwa muone ngati mzerewo waduka. Fyuluta yeniyeniyo imamangidwa pa 16 mpaka 18 ft-lb pa sipanala yoyezayo, ndipo waya wake ukokere kumbali yomangira, womangiriridwa pamalo amene malangizo anena.

Chenjeraninso ndi nambala ya fyuluta, chifukwa zimafanana kunja. CH48108 ili ndi valavu m'kati yolola oilo kulambalala pepala likatsekeka kapena oilo akalimba ndi kuzizira, pamene CH48110 ilibe, popeza imapita pa injini zimene valavuyo ili kale pa injini. Gulani yokhayo imene STC yatchula. Ndipo kasefa kena, ka mbali imene pampu imakokera oilo, kamakhalabe m'malo mwake, kaziyenderedwabe.

Wa ku Marlborough wayankha:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka a Mkulu potichenjeza. Ndawerengera anzanga zimene mwalembazi, ndipo tagwirizana kuti tiike adaputa yatsopano pa kuyendera kwa pachaka kumene kukubweraku, pamene ndege idzakhale kale yovula, koma oilo tizisinthabe potsata miyezi. Funso limodzi latsala kwa a Injiniya: fyuluta yoyamba tidzaidule pa maola 50, kapena msanga?

Injiniya wa m'hangala wayankha:

Msanga, bambo. Akangomaliza kumanga ailize injini pansi mpaka itenthe, aizimitse, ayang'ane kudontha ndi kamzere kaja, ndipo ulendo woyamba ukhale wozungulira pafupi ndi bwalo, maso ali pa muvi wa oil pressure, woonetsa mphamvu imene pampu ikukankhira oilo. Ine fyuluta yoyamba ndimaidula isanapitirire maola 25, chifukwa injini imene yakhala zaka ndi kasefa imakhala ndi litsiro lambiri m'kati, ndipo mudzapeza kaboni wochuluka amene angakuopseni pachabe. Pepala limenelo muliumitse, muliike m'kapulasitiki ndi kulembapo tsiku ndi maola a injini, kuti podula yachiwiri mudzakhale ndi poyerekezera.