Mwana wamaliza Grade 12, tiyambire pati?

Mayi wa ku Kapata: Anzanga a pagulu lino, ndipatseni nzeru. Mtsikana wanga wakhoza Grade 12 koma masamu anapeza 7. Mtima wake uli pa unamwino. Achibale akuti asataye chaka, alowe koleji iliyonse imene ingamulandire, ena akuti popanda digiri palibe tsogolo. Tichite chiyani?

Mphunzitsi wa ku Katete: Amayi, 7 si credit. Ma credit amayambira 1 kulekeza 6, ndipo sukulu za unamwino zimafuna asanu, mwa iwo Chingelezi, masamu ndi sayansi. Alembenso masamu okhawo pa GCE, mayeso a bungwe la Examinations Council of Zambia (ECZ) amene amalemba anthu omwe sali pasukulu, basi.

Koleji imene ikumulandira ndi 7 osafunsa kanthu, muiope. Musanalipire ngakhale ngwee, fufuzani ngati ndi yovomerezeka. Mayunivesite amalembetsa ku Higher Education Authority, makoleji a ntchito zamanja ku TEVETA, a unamwino ku Nursing and Midwifery Council of Zambia. Akaphunzira pamalo osavomerezeka, council siimulemba m'kaundula, laisensi sapatsidwa, ndiye kuti zaka zitatu ndi ndalama za fodya kapena nyemba za soya zalowa m'madzi. Izi zimandiwawa chifukwa makolo ambiri amazindikira mwana atavala kale gauni.

Bambo wa ku Petauke: Pa za digiri ndiwonjezepo. Ku mayunivesite monga UNZA, CBU kapena Mulungushi maphunziro ambiri ndi zaka zinayi, ndipo pali ntchito zimene simungazigwire opanda digiri, monga udokotala ndi uloya. Koma namwino wa diploma ndi namwino ndithu, digiri angaiwonjezere ali kale pantchito. Dziwaninso kuti ndalama za HELSB, bungwe la boma lothandiza ophunzira kulipira maphunziro apamwamba, ndi ngongole, amadzadula pa malipiro akayamba ntchito.

Masamu akakanikanso, musanyoze koleji ya ntchito zamanja ya Chipata Trades. Zamagetsi, zomanga, zamakaniko zimadyetsa banja, ndipo bursary ya CDF, thumba la boma la chitukuko cha constituency, imalipirira maphunziro otere. Fomu imadzera ku Ward Development Committee ya kwanuko.

Mayi wa ku Kapata: Zikomo kwambiri aphunzitsi ndi abambo. Nanga GCE amalembetsa kuti?

Mphunzitsi wa ku Katete: Pa sukulu ya sekondale imene ili centre ya GCE. Pitani msanga, kulembetsa kumatsekedwa kudakali miyezi ingapo mayeso asanayambe. Muonetsetse kuti dzina lalembedwa chimodzimodzi ndi la pa chiphaso cha NRC ndi pa zotsatira za Grade 12, chilembo chimodzi chikasiyana mudzavutika pophatikiza mapepala awiriwo. Mumupezerenso mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, azichita limodzi pa sabata akudziwerengera nthawi.