Shado akufuna kuyankhula pa msonkhano wathu wa Chilungamo ndi Mtendere, timulole?

Membala wosatchula dzina:
Abale ndi alongo m'gulu lino, ndikupempha nzeru. Ndine mlembi wa komiti ya Chilungamo ndi Mtendere pa parishi ina kuno ku Mulanje, ndipo takonza msonkhano wa masiku awiri wokambirana za chilungamo pa chuma: malipiro a anthu othyola tiyi m'maesiteti, mitengo imene mavenda amagulira nandolo, kuchepa kwa malo olima, ndiponso ngongole za katapila zimene zikulanditsa anthu njinga ndi malata. Mphakati uliwonse wasankha kale nthumwi zake. Tsono bambo wina amene akufuna kudzaimira uphungu m'dera lathu, yemwe ndi Mkatolika mnzathu ndipo saphonya mtulo, wati athandiza ndi mpunga, mbuzi ndi zakumwa, koma akufuna apatsidwe mpata woyankhula pa tsiku lotsekera. Msungichuma wathu akukana kwamtuwagalu, komatu iyeyu amatsutsa chilichonse chimene ndinganene chiyambireni pamene ndinamufunsa za malisiti a mipando ya pulasitiki imene tinagula pa Chitakale, imene ina mpaka lero sioneka. Amayi a kwaya nawo akwiya chifukwa sitinawaike pa pulogalamu, ndipo kunyumba mayi akuti nditule pansi udindowu popeza ndikuthera mayunitsi pa ntchito yopanda malipiro. Kodi timulole mkuluyu kuyankhula, kapena timukanize ndipo nthumwi zikhale ndi njala?

Aphunzitsi Opuma a ku Chisitu:
A Mlembi, musamulole ngakhale kupereka moni. Ine ndinalipo m'tchalitchi pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, pamene kalata ya maepiskopi inawerengedwa, ndipo ndikukumbukira mmene anthu tinkayang'anirana chifukwa sitinkakhulupirira kuti mawu otere akunenedwa poyera m'dziko la chipani chimodzi. Kalata ija inanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa a antchito, za mitengo yosayenera ya mbewu za alimi, za sukulu ndi zipatala. Boma linaitcha youkira, nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Anthu anaimvera kalatayo chifukwa panalibe wandale amene anagula pepala kapena inki yake. Inu lero mukufuna kusinthanitsa mbiri imeneyi ndi mbuzi imodzi.

Mayi wa ku Limbuli:
A Mlembi, mwafotokoza zambiri koma simunatiuze chinthu chachikulu. Kodi bambo mfumu akudziwa za pempholi, ndipo anena chiyani? Komanso, kodi mpunga ndi mbuziyo mwalandira kale kapena ndi lonjezo chabe? Yankho likudalira pamenepo.

Mlimi wa Nandolo:
Ine ndilibe nazo ntchito zoti ayankhule kapena asayankhule, bola nkhani ya nandolo ikambidwe mozama. Mu 2017, dziko la India litachepetsa nandolo amene linkagula kunja, mtengo unagwa moti matumba anga anafumbwa m'nyumba, ndipo amene ndinagulitsa sanakwanire ngakhale fizi ya mwana mmodzi. Nthochi nazo zinatha ndi chisaka. Nthawi yonseyo sindinaone shado aliyense akubwera kudzafunsa mmene tikudyera.

Wachinyamata wa pa Chinakanaka:
Maganizo anga ndi akuti idyani mbuziyo bwinobwino, ndipo ikakwana nthawi yoti mkuluyo ayankhule, woyang'anira zokuzira mawu alengeze kuti mafuta a jenereta atha.

Aphunzitsi Opuma a ku Chisitu:
Mwana wanga, nthabwala zoterezi ndi zimene zatifikitsa pamene tilipa. Kudya za munthu kenako n'kumupusitsa ndi kuba, ndipo komiti ya chilungamo singayambe msonkhano wake ndi chinyengo. Achinyamata a lero simukudziwa kuti voti ya pa 14 Juni 1993, imene inabweretsa zipani zambiri, inabwera anthu atamangidwa ndi kuzunzidwa.

Katekisti Wakale:
Aphunzitsi, mbiri mwainena bwino, koma mwasokoneza zinthu ziwiri. Malamulo a Mpingo, pa Kanoni 287, amaletsa ansembe kutenga mbali m'zipani za ndale, koma saletsa mkhristu wamba kuimira pa chisankho. Ndipotu chiphunzitso cha Mpingo chimalimbikitsa akhristu eniake kulowa m'ndale kuti akatumikire anthu. Nkhani ya malipiro oyenera inayamba kalekale ndi Papa Leo XIII m'kalata yake ya Rerum Novarum mu 1891, ndipo amene angasandutse chiphunzitso chimenechi kukhala lamulo ku Nyumba ya Malamulo ndi aphungu omwewo amene inu mukufuna tiwatsekere kunja. Chimene sichiyenera ndi kupereka mpata kwa munthu mmodzi yekha. Itanani onse amene aonetsa chidwi choimira m'deralo, a zipani ndi oima paokha, muwapatse mphindi zofanana ndi mafunso ofanana, ndipo zichitikire mu holo, osati pa guwa.

Aphunzitsi Opuma a ku Chisitu:
A Katekisti, inu mukuwerenga mabuku, ine ndikunena zimene ndaona ndi maso. Mukaitana asanu, aliyense adzabwera ndi lole yodzaza anyamata ndi amayi ovala zitenje za chipani, ndipo nthumwi za miphakati zidzasowa pokhala. Mayi amene wathyola tiyi kuyambira m'bandakucha, dengu lili kumsana, amene anafuna kufotokoza mmene makilogalamu ake amadulidwira pa sikelo ati masamba anyowa, adzangokhala chete kumbuyo, osapeza mpata. Msonkhanowo udzatha ndi nyimbo zonyozana. Ndinaziona pa maliro a mphwanga, pamene andale awiri analimbirana kugula bokosi mpaka mwambo unachedwa.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse. Ndiwonjezere kuti msungichuma uja wayamba kuuza anthu ku mphakati kuti ine ndalonjezedwa ntchito mkuluyu akapambana, zimene ndi bodza lamkunkhuniza. Iyeyo chaka chatha anakwera galimoto ya shado wina popita ku ukwati ku Luchenza, koma palibe amene anamunena. Komanso ndalama imene miphakati yasonkha ndi yochepa kwambiri, chifukwa kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu sizinabwererenso m'malo, ndipo mabanja ambiri sanadzukebe chichokereni namondwe wa Freddy.

Mayi wa ku Limbuli:
A Mlembi, mwabweranso ndi za msungichuma koma funso langa mwalilumpha. Bambo mfumu anena chiyani? Komiti yanu ili pansi pa parishi, ndipo parishi ili pansi pa Arkidayosizi ya Blantyre, kumene kuli ofesi ya CCJP (bungwe la Chikatolika loona za Chilungamo ndi Mtendere) imene ntchito yake ndi yomweyi. Lembani kalata, afunseni, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa kuti mawa wina asakusenzetseni mlandu nokha.

Wachinyamata wa pa Chinakanaka:
Mayi, mwina a Mlembi sakuyankha chifukwa shadoyo ndi mlamu wawo, kapena mbuziyo ili kale pa chingwe kuseri kwa nyumba yawo. Paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Kalaliki wa pa Boma:
Pali mbali ya malamulo a dziko imene palibe waitchula. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa munthu amene akupikisana kapena akufuna kudzapikisana pa chisankho kugawa ndalama ndi zinthu pofuna kukopa ovota. Ngati chakudyacho chabwera ndi pangano lakuti ayankhule, adani ake adzanena kuti anagula msonkhano, ndipo dzina la parishi lidzatchulidwa limodzi ndi lake. Nthumwi iliyonse ibwere ndi ufa pang'ono ndi ndiwo, monga timachitira pa maliro, ndipo masiku awiriwo achepetsedwe kukhala tsiku limodzi.

Aphunzitsi Opuma a ku Chisitu:
A Kalaliki, lamulo limenelo lilipo papepala, koma tandiuzeni amene munamuona akuleka kugawa ndalama chifukwa cha ilo. Nkhani ya malo kuno inayamba m'nthawi ya thangata, pamene makolo athu ankalimira azungu kuti aloledwe kukhala pa nthaka, ndipo phungu aliyense amene wadutsa amailonjeza pa kampeni n'kuiiwala akafika ku Lilongwe. Mkuluyu ngati ali Mkatolika weniweni, abwere ngati nthumwi ya mphakati wake, akhale pa benchi, akweze dzanja monga wina aliyense, ndipo wapampando akhale ndi ufulu womudula mawu.

Katekisti Wakale:
Aphunzitsi, poyamba munati asaloledwe ngakhale kupereka moni, tsopano mukuti akweze dzanja. Tigwire ziti?

Mlimi wa Nandolo:
Pamene akuluakulu mukutsutsanapo, a Mlembi tandiuzeni ngati munthu wosakhala Mkatolika akuloledwa kudzakhala nawo. Ine ndine wa CCAP, koma ndikufuna ndidzanene za masikelo a mavenda a pa msika wathu, chifukwa thumba limene kunyumba limakwana makilogalamu 50 likafika kwa iwo limachepa, ndipo ukatsutsa amakuuza kuti ulisenze ubwerere nalo.